Mmene chamba chinakhalira mlandu, kenako mbewu ya malonda

Pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola ulimi wa chamba mu Febuluwale 2020, ena anaona ngati m'dziko mwafika mbewu yatsopano, chonsecho chamba chinali chitazika kale mizu kuno mibadwo yambiri isanabadwe. Kwawo kwenikweni ndi chigawo chapakati cha Asia. Ku China ankapanga nacho zingwe, nsalu ndi mankhwala, ku India chinalowa m'miyambo ya chipembedzo, ndipo amalonda odutsa pa nyanja ya India ndi amene anachifikitsa kum'mawa kwa Africa. Ku Ethiopia kunafukulidwa mbiya zosutira za m'zaka za m'ma 1300 zokhala ndi zotsalira za chamba, ndipo David Livingstone atafika m'chigwa cha Zambezi anapeza anthu akuchisuta kale.

Kuletsa kunabwera mochedwa, ndipo sikunayambire m'midzi yathu. Dziko la South Africa linaletsa chamba mu 1922, ndipo ilo pamodzi ndi Egypt linalimbikira kuti chilowe m'pangano la mayiko la ku Geneva la 1925 loletsa mankhwala ozunguza bongo. Pangano lina la United Nations la 1961 linachiika m'gulu limodzi ndi heroin, mankhwala ozunguza bongo amphamvu kwambiri, ngati chinthu choopsa chopanda phindu lenileni kuchipatala. Lamulo la Dangerous Drugs Act, lomwe apolisi athu amamangira anthu opezeka ndi chamba, ndi cholowa cha nthawi ya atsamunda.

Komabe lamulolo silinathetse ulimiwu, linangousamutsira kumalo obisika. M'mapiri ndi m'zigwa za ku Nkhotakota ndi Mzimba alimi anapitiriza kulima, kukulunga zokolola m'makungwa a nthochi ndi kuzigulitsa kwa ozembetsa opita ku Zimbabwe ndi South Africa. Chamba chimenechi ndi chomwe chinatchuka kunja ndi dzina lakuti Malawi Gold. Dziko linkaonetsa alendo fodya, tiyi ndi chambo, koma fodya wamkulu ankadziyendera yekha usiku, osalipira msonkho, ndipo wopindula kwambiri anali wozembetsa, osati mlimi.

Mkangano wa chamba umavuta chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zoona. Dokotala wa ku Ireland, William O'Shaughnessy, anachiyesa pa odwala ku Calcutta cha m'ma 1839 ndipo anachidziwitsa kwa madokotala a ku Ulaya. Mu 1964 Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni a ku Israel anapatula THC, chinthu chomwe chimaledzeretsa munthu akasuta. M'chamba mulinso chinthu china chotchedwa CBD, chomwe sichiledzeretsa, ndipo mu 2018 dziko la America linavomereza mankhwala a Epidiolex opangidwa kuchokera ku CBD kuti azithandiza ana odwala mitundu ina yovuta ya khunyu. Mankhwala ena ochokera ku chamba amachepetsa nseru mwa odwala khansa amene akulandira chemotherapy (mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa), amabwezeretsa chilakolako cha chakudya mwa odwala Edzi, komanso amafewetsa minofu youma mwa odwala multiple sclerosis, matenda owononga mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana. Amenewa ndi mankhwala oyezedwa mlingo, operekedwa ndi dokotala, ndipo n'kulakwitsa kuwayerekeza ndi ndudu yopichirira kuseri kwa msika. Kusuta pafupipafupi, makamaka munthu akayamba ali wamng'ono ubongo usanakhwime, kumafooketsa kukumbukira, kumazoloweretsa thupi mpaka kulephera kusiya, ndipo mwa ena kumadzutsa matenda a misala. Makolo amene anaperekezapo mwana ku chipatala cha anthu odwala maganizo ku Zomba sakamba nkhaniyi moseka.

Chomwe chinatembenuza maganizo a boma si chifundo pa odwala ayi, koma kulowa pansi kwa msika wa fodya, mbewu yomwe dziko limadalira kwambiri pa ndalama zakunja. Phungu wa Ntchisi North, a Boniface Kadzamira, atayambitsa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo mu 2015 anzawo anawaseka, koma kafukufuku wa chamba cha m'mafakitale anachitika ku Chitedze, ndipo Lesotho mu 2017 ndi Zimbabwe mu 2018 anali atatsegula kale njira. Lamulo la 2020 linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority loyang'anira ulimi ndi malonda a chamba, ndipo mu Disembala chaka chomwecho United Nations inachotsa chamba m'gulu la mankhwala oopsetsetsa lija.

Apa mpamene pali kusalungama komwe sikukambidwa mokwanira. Chiphaso cholimira chamba cha mankhwala chinaikidwa pa madola 10,000 a ku America, mbewu yololedwa inali yochokera kunja, ndipo mlimi wa ku Nkhotakota, yemwe makolo ake anasunga mbewu yamakolo m'zaka zonse za chiletso, anatsalabe wolakwira lamulo. Alimi ambiri amene anasonkherana ndalama m'makopaletivi anadandaula kuti akolola koma msika palibe. Mu Malichi 2024 aphungu anavomereza bilo yolola kulima chamba chamakolo pansi pa chiphaso, mipingo ina ikutsutsa. Kusuta kongosangalala nako kunakhalabe mlandu, ngakhale Arasta akhala akupempha kuti aziloledwa kuchigwiritsa ntchito pa mapemphero awo, monga khoti lalikulu la ku South Africa linalolera akuluakulu kusuta kunyumba kwawo mu 2018.