Kuwerenga mbalame pa Chilwa nthawi ya dzinja

Anthu akamva kuti tikupita kokawerenga mbalame amaseka. Mbalame zouluka muziwerenga bwanji? Funsoli n'lomveka, ndipo yankho lake n'lakuti sitiwerenga imodziimodzi ngati mbuzi zikulowa m'khola.

Mu Januwale, kunja kusanache bwino, bwato limakhala litanyamuka kale pa doko la Kachulu. Kulawiraku kuli ndi chifukwa: dzuwa likakwera, nthunzi imayamba kuvinavina pamwamba pa madzi, ndipo mbalame yakutali imangooneka ngati kadontho kogwedezeka ngakhale uli ndi mabainokyula abwino. Mukapeza gulu la akakowa litatera m'mbali mwa njedza, mumawerenga khumi oyamba mosamala, n'kusunga m'maso kukula kwa kagulu kameneko. Kenaka mumayenda nako m'gulu lonse: khumi, makumi awiri, atatu, mpaka kumapeto. Anthu awiri amawerenga payekhapayekha osauzana, kenaka n'kufananitsa. Akasiyana kwambiri, abwereze. Wachitatu ntchito yake n'kulemba basi, ndipo alembe ndi pensulo, chifukwa inki ikakumana ndi mvula ya dzinja tsamba lonse limasanduka phala.

Ongodzipereka ambiri amabwera ndi mtima wofuna kuona mbalame yosowa. Sindiwadzudzula, nanenso nkhwazi ikalira ndimaiwala pomwe ndinalekezera. Koma chomwe chili ndi phindu pa ntchitoyi ndi chotopetsa chija: njira yomweyo, mwezi womwewo, kawerengedwe komweko, chaka ndi chaka. Nambala ya tsiku limodzi siinena zambiri, pakuti mwina mbalame zangosamukira tsidya lina kutsata matemba. Nambala za zaka khumi zikaikidwa pamodzi, pamenepo ndiye timadziwa ngati dambo likudwala. Ngakhale malo amene simunapezepo kanthu alembedwe kuti palibe, osangowadumpha.

Januwale sanasankhidwe mwachisawawa. Kalembera wa mbalame za m'madzi, amene bungwe la Wetlands International limayendetsa ndipo anayamba mu 1967, amachitika pakati pa mwezi umenewu m'maiko ambiri nthawi imodzi, kuti mbalame imodzi isalembedwe kawiri. Ndi nthawinso imene mbalame zothawa chisanu ku Ulaya ndi ku Asia zimakhala zili kuno.

Manambalawa amapita kutali. Pangano la Ramsar loteteza madambo, lomwe linasainidwa ku Iran mu 1971, limati dambo losunga mbalame za m'madzi 20,000 kapena kuposerapo kawirikawiri ndi lofunika ku dziko lonse lapansi. Chilwa ndiye malo oyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa madambo otere, Elephant Marsh ya ku Chigwa cha Shire inatsatira mu 2017.

Chilwa payokha ndi nyanja yovuta kuimvetsa. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo inaumapo mu 1968 ndi mu 1995. Nsomba zikasowa chonchi, mabanja ambiri amatembenukira ku mbalame kuti apeze ndiwo ndi ndalama ya mchere. Nchifukwa chake wopalasa bwato ndimamufunsa mafunso ambiri kuposa buku lomwe ndanyamula. Nthawi zambiri amakhala kuti anatcherapo misampha m'madambo omwewa, ndipo amadziwa kumene abakha a m'madzi aikira mazira chaka chino ife tisanatsegule n'komwe chikwama cha mabainokyula.