Dzina la amuna anu liyambe ladikira: kwa amene mukukakwatiwa kunja

Amayi ndi atsikana amene apeza banja kunja akabwera kudzalumbiritsa zikalata kuno ku Mulanje, funso lawo limakhala limodzimodzi: dzina ndisinthe ndisananyamuke, kapena ndikasinthe ndikafika? Ine ndimati musasinthe pano, ndipo mukafikanso musathamangire. Dzina limene lili mu pasipoti yanu likhale lomwelo kuyambira tsiku lolemba fomu ya viza mpaka dziko mukupitalo litakupatsani chilolezo chokhala. Koma tisanafike pa dzina la amuna anu, pali ntchito ina imene ambiri amailumpha, ndipo ndi imene imagwetsa anthu: kuonetsetsa kuti dzina lanu lomwe muli nalolo ndi limodzi.

Tulutsani zikalata zanu zonse muziyale pamodzi: chiphaso cha unzika, pasipoti ngati ilipo, satifiketi ya JCE ndi ya MSCE, khadi ya ubatizo, kalata ya kubadwa. Werengani chilembo ndi chilembo, tsiku ndi tsiku. Kuno kwathu ndi anthu ochepa amene zonse zimagwirizana, ndipo si chifukwa cha chinyengo. Ambiri anabadwira kunyumba kapena pa chipatala cha esiteti kalembera wa ana obadwa asanakhale wokakamiza. Lamulo la kalembera wa dziko linakhazikitsidwa mu 2010, linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo pa kalembera wamkulu wa 2017 a NRB, bungwe la boma lopereka ziphaso za unzika, ankalemba zimene munthu wanena ndi zimene wabweretsa. Wina anangotchula chaka chimene ankakumbukira. Onjezani za chikamwini: ukwati ukatha bambo nkubwerera kwawo, mwana amakulira kuchikazi, kusukulu nkukalembetsedwa ndi dzina la agogo kapena la malume, pamene khadi ya ubatizo ili ndi dzina la bambo. Ndiye pali aja anabwereza Sitandade 8 ndi dzina lina kuti asankhidwe ku sekondale, dzinalo nkuwakakamira mpaka pa MSCE.

Kumudzi zimenezi si nkhani. Mfumu ikudziwani, abusa akudziwani. Koma amene adzawerenge fomu yanu ali kutali, sanakuonenipo, ndipo akaona mayina awiri ndi zaka zobadwa ziwiri amaganiza za anthu awiri kapena za bodza.

Kukonza kumayambira ku NRB, ku ofesi yawo ya pa boma, chifukwa a Immigration amatengera zimene zili pa chiphaso cha unzika. Chiphasocho chikalakwika, pasipoti idzalakwikanso. Pamene mayina akusiyana koma zikalata zakalezo sizingasinthike, mumalemba kalata yolumbira pamaso pa loya kapena majisitireti, yonena kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi, ndipo mumafotokoza mmene zinakhalira. Kalata ya mfumu, ya ahedi a sukulu munaphunzirayo kapena ya ku mpingo imailimbitsa. Mafomu a viza amafunsa ngati munagwiritsapo ntchito dzina lina. Lembani onse, ngakhale lija la ku Sitandade 8. Dzina lakale loululidwa ndi kulifotokoza silikanitsa munthu viza. Lobisidwa likadzatulukira limawerengedwa ngati chinyengo, ndipo khomo lingatsekeke kwa zaka zambiri. Amene zikalata zanu zinapita ndi madzi a Freddy mu Malichi 2023, yambani lero kufunafuna zina, osadikira kuti chibwenzi chifike pa tsiku la ukwati.

Pasipoti ndiyo yachiwiri, ndipo ndi imene nthawi yake simungailamulire. Ya munthu wamkulu imakhala zaka 10. Tonse tikukumbukira kumayambiriro kwa 2024 pamene ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, anthu nkumangozungulira ku Blantyre. Ngati yanu yatsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, tengani ina musanapemphe viza, m'dzina lanu lomwelo. Madobadoba amene amati akufulumizitsirani apeweni. Fomu yodzazidwa ndi munthu wothamangira ndalama ndi imene imatuluka ndi chilembo cholakwika, ndipo cholakwika cha mu pasipoti chimakutsatani kulikonse.

Zikalata zotsalazo ndi zosakhalitsa, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Titenge dziko la UK. Mmalawi wopempha viza ya banja amayenera kuyezedwa TB ku chipatala chimene iwo anavomereza, ndipo satifiketi yake imagwira ntchito miyezi 6 yokha. Mayeso a Chingerezi amakhala zaka 2. Amuna anuwo ayenera kuonetsa kuti amapeza ndalama zosachepera £29,000 pa chaka, mlingo umene unayamba mu Epulo 2024, ndipo chikalata chawo chomaliza cha ku banki ndi cha malipiro chisapitirire masiku 28 pa tsiku lopereka fomu. Ku South Africa ndi ku America amafuna kalata ya apolisi yoonetsa kuti mulibe mlandu, ndipo a ku South Africa salandira imene yapitirira miyezi 6. Chimene ndimaona ndi ichi: munthu akangomva kuti ukwati ulipo amathamangira kukayezetsa TB ndi kukadinda zala kupolisi, chifukwa ndi zimene angathe kuchita msanga ndipo mtima umakhala pansi kuti zayambika. Kenaka pasipoti ichedwa, amunawo sanakwanitse zawo, miyezi 6 yatha, ndalama ilipidwenso. Zili ngati kuthyola tiyi galimoto ya ku fakitale isanadziwike tsiku lobwera. Zokhalitsa zitsogole, zosakhalitsa zibwere kumapeto, tsiku lopereka fomu litadziwika.

Tsopano nkhani ya chinkhoswe, imene ndikupempha kuti ankhoswe ndi malume aimve bwino. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndi wa chikhalidwe. Kwa ife a chikamwini kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, ankhoswe a mbali zonse akakumana nkupatsana nkhuku, umenewo ndi ukwati, ngakhale m'tauni masiku ano ambiri amachitenga chinkhoswe ngati chitomero chabe. Maiko akunja amasiyanitsa viza ya munthu wotomeredwa ndi viza ya munthu wokwatiwa kale. Ya ku America yotchedwa K-1 ndi ya anthu amene sanakwatirane. Ngati munachita chinkhoswe chonse, zithunzi zili pa Facebook anthu akukutchulani bambo ndi mayi, kenaka mukupempha viza ngati wotomeredwa, wofunsayo angathe kunena kuti ndinu okwatirana kale ndipo mwapempha viza yolakwika. Mukatembenuka kuti chabwino ndife okwatirana, akufunsani satifiketi ya ukwati, inu mulibe. Mwatsala pakati.

Ndiye banja lisankhe njira imodzi zinthu zisanayambe. Ngati ukwati uchitikira kuno, uchitike wathunthu ndipo ulembetsedwe kuti satifiketi ya boma ituluke. Kumbukirani kuti chidziwitso cha ukwati chimayenera kukhala masiku 21, choncho mkamwini wobwera ndi tchuthi cha masabata awiri sangakwanitse ngati simunakonzekeretu. Satifiketiyo pokagwira ntchito kunja nthawi zina imafuna chidindo chotsimikiza kuti ndi yeniyeni chotchedwa apostille, ndipo Malawi ali m'mgwirizano wa chidindo chimenechi kuyambira 1967. Ngati ukwati ukachitikira uko, mwambo wa kuno ukhale wongodziwana ndi kutsanzikana, chinkhoswe chenicheni chidzachitike pambuyo. Ndikudziwa kuti kwa makolo zimawawa kuona mwana akukwera ndege ankhoswe asanamange. Koma ndi bwino kuwafotokozera poyera kusiyana ndi kuchita mwambo kenaka nkukaukana pa fomu.

Amene munakhalapo pa banja, kungosiyana sikukwanira. Ngakhale ankhoswe anakhala pansi, bambo uja nkunyamula katundu wake zaka zapitazo, kunja adzafuna chigamulo cha khoti chothetsa ukwatiwo. Ukwati wa chinkhoswe umathera ku khoti la majisitireti. Ngati amuna anu anamwalira, pafunika satifiketi ya imfa. Popanda zimenezi simungapeze kalata yotsimikiza kuti simuli pa banja, imene a Home Affairs, unduna wa za m'dziko ku South Africa, amafuna kwa mlendo wokwatira kumeneko.

Mukafika, masiku amayamba kuwerengedwa. Viza ya wotomeredwa ya ku UK ndi ya miyezi 6, simuloledwa kugwira ntchito, ndipo ukwati uyenera kuchitika mkati mwa nthawi imeneyo, fomu yotsatira nkuperekedwa vizayo isanathe. Miyezi 6 imaoneka yambiri, koma muyenera kukhala kaye masiku 7 m'dera mukalembetseremo, kenaka chidziwitso cha ukwati chidikire masiku 28, amene boma lingawatalikitse kufika 70 likafuna kufufuza. Ku America ukwati umayenera kuchitika pasanathe masiku 90 chilowereni. Malamulo a America okhudza Amalawi akusinthasintha: mu Ogasiti 2025 anayamba kufuna chikole chofika mpaka $15,000 kwa opempha viza yokacheza, choncho funsani ku ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe musanalipire chilichonse. Ku Joni ndiye kumene ambiri a kuno amapita, ndipo kumeneko vuto ndi kupepuka kwa polowera. Mmalawi amalowa popanda viza kwa masiku 30. Munthu amanyamuka pa Limbuli kapena pa Luchenza ali ndi maganizo akuti tikakwatirana zonse zikakonzeka. Masiku 30 akatha asanakonze chilolezo, potuluka amadindidwa kuti ndi wosafunika, ndipo chiletsocho chimayambira chaka chimodzi kufika zaka 5. Ukwati suchifufuta.

Tibwerere ku dzina. Pofika apa satifiketi ya TB, zotsatira za mayeso, kalata ya apolisi, fomu ya viza ndi tikiti ya ndege zonse zili m'dzina la mu pasipoti. Mukasintha pakatikati, faelo yanu imakhala ndi munthu mmodzi wa mayina awiri pa nthawi imene akukufufuzani kwambiri. Pasipoti yatsopano imabweranso ndi nambala yatsopano, pamene ku UK chilolezo tsopano chimasungidwa pa intaneti cholumikizidwa ndi pasipoti imene munalembetsa. Tikiti yogulidwa m'dzina la amuna anu pasipoti ili m'dzina lanu, ngakhale anagula mwachikondi, simukwera nayo ndege.

Palibe lamulo la Malawi lokakamiza mkazi kutenga dzina la mwamuna, ndipo UK, America ndi South Africa sakakamizanso. Umboni wa ukwati ndi satifiketi. Kumvano ndi kumpingo akutchuleni ndi dzina la amuna anu, palibe cholakwika, zimenezo sizifuna chidindo. Apongozi akafunsa chifukwa chake simunasinthe, auzeni kuti mukudikira chilolezo chokhala chituluke. Chikatuluka, ngati mukufunabe, nthawi yabwino ndi pamene pasipoti ikutha kale. Yambirani ku NRB ndi satifiketi ya ukwati, kenaka pasipoti, kenaka mudziwitse a zolowa ndi kutuluka a dziko mukukhalalo, banki ndi kuntchito pambuyo. Pasipoti yakale musataye.

Musanasinthe ganiziraninso zimene mukusiya kuno m'dzina lanu: akaunti ya ku banki, nambala ya foni imene ili ndi Mpamba kapena Airtel Money, penshoni ngati munagwirapo ntchito ku esiteti, ndi munda. Kuno munda umatsata mkazi, ndipo ngati wanu unalembetsedwa m'dzina lobadwa nalo, tsiku lina mudzafunika kuonetsa kuti mayi wa dzina lachilendoyo ndi mwini wake yemweyo. Kuyambira pamene aphungu anasintha lamulo la unzika mu 2018, Mmalawi angathe kukhala ndi unzika wa maiko awiri, kutanthauza kuti zikalata za kuno mudzazifunabe ngakhale mutadzalandira pasipoti ya uko, ndipo mayina a mapasipoti awiriwo ayenera kufanana.

A m'malire a Muloza amene mukukwatirana ndi a ku Milange, zonsezi zikukukhudzani ngakhale mumawoloka tsiku ndi tsiku ndipo chilankhulo ndi chimodzi. Zikalata za uko zili m'Chipwitikizi, mayina amalembedwa mwa kalembedwe kawo, ndipo pofuna chilolezo chokhala mbali iliyonse pafunika womasulira wovomerezeka.

Za ana ndiye zimandidetsa nkhawa koposa. Mayi amanyamuka yekha, mwana watsala ndi agogo, nkumati ndidzamutenga ndikakhazikika. Mwanayo mutengereni kalata ya kubadwa ku NRB inu musananyamuke, dzina lanu pa kalatayo lifanane ndi la mu pasipoti yanu. Musamusinthe dzina kuti litengere bambo womupeza, chifukwa zikatero ubale wake ndi inu komanso ndi bambo womubereka umavuta kuutsimikiza. Ngati bamboyo ali moyo, chilolezo chake cholembedwa ndi kulumbiritsidwa chidzafunika, ndipo nchapafupi kuchipeza ankhoswe akadali kulankhulana kusiyana ndi pamene wamva kuti muli kunja. A ku UK amafunanso umboni wakuti ndinu amene mumalamulira moyo wa mwanayo ngakhale akugona kwa agogo. Choncho malisiti a fizi, mauthenga a pakati pa inu ndi aphunzitsi ake, ndi umboni wa ndalama zimene mumatumiza, zonse zikhale m'dzina lanu ndipo muzisunge kuyambira mwezi woyamba. Pa fomu yanu ya viza mwanayo mumulembe, ngakhale sakupita nanu pa ulendo uno.