Mwana Wopulupudza Amafunikanso Thandizo: Uthenga kwa Makolo ndi Aphunzitsi

Mwana akayamba kujomba kusukulu, kuba nkhuku za eni, kusuta chamba kapena kumenyana ndi anzake, ambirife timathamangira chikwapu. Koma nthawi zambiri khalidwe lotere limabisa ululu womwe mwanayo sakutha kuufotokoza.

Kafukufuku wa ku Sweden wofalitsidwa mu 2011, yemwe anatsatira achinyamata pafupifupi 1 miliyoni, anapeza kuti omwe anapezeka olakwa kukhoti ali ndi zaka 15 mpaka 19 anali pachiopsezo chachikulu chodzadzipha atakula, makamaka omwe anapalamula kangapo. Ana ambiri opulupudza amasintha n'kukhala anthu abwinobwino, choncho musamuweruziretu mwana. Chomwe tiyenera kudziwa n'chakuti kupalamula ndi kudzipha zimamera pa muzu umodzi: nkhanza pakhomo, umasiye, mowa ndi chamba, matenda ovutika maganizo, komanso kuchita zinthu mopupuluma. Mwanayo akachotsedwa sukulu, achibale n'kumutaya kuti "ameneyu watilephera", amatsala yekhayekha ndi mavuto onsewa.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene wangogwidwa kumene kapena wachititsidwa manyazi pagulu. Khalani tcheru akamanena mawu ngati "ndine chipsinjo" kapena "bola ndikanangofa", akamadzitsekera m'nyumba, akasiya kudya ndi kugona, kapena akamagawa zinthu zake zomwe amazikonda.

Mukaona zimenezi, khalani naye pansi panokha, mopanda kukalipa, ndipo mumufunse mosapita m'mbali: "Mwana wanga, kodi ukuganiza zodzipha?" Funsoli silimuika maganizowo m'mutu. Limamupatsa mpata woulula. Akavomera, musamusiye yekha. Tsekerani kutali mankhwala a m'munda, a makoswe ndi mapilitsi, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kulanga kuli ndi malo ake, koma kuyendere limodzi ndi uphungu. Lamulo loteteza ana la m'Malawi la 2010 limalola kuti mwana wolakwira lamulo, makamaka pa milandu ing'onoing'ono, athandizidwe kusintha popanda kutsekeredwa. Funsani a zachisamaliro cha anthu m'boma lanu.

Imbani mwaulere pa 116, nambala yothandiza ana. Thandizo la matenda a maganizo limapezeka pa chipatala cha boma lanu, pa Zomba Mental Hospital, ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.