Bodi ya seva siyingofa yokha, fufuzani kaye madziwo

Sabata ino ndalandiranso foni ija. Oyimba amasintha koma mawu ake ndi omwewo: "Achimwene, seva yafa. Motherboard ina tagula kale, tangobwerani mudzatiikire, ndi ntchito ya ola limodzi." Ndikafunsa chimene chapha bodi yakaleyo, kumangoti zii. Kenako wina amati, "Aa, yangofa basi, si mukudziwa zamagetsi."

Ayi, bwana. Mu seva (kompyuta yamphamvu imene imatumikira makompyuta ena) yoziziritsidwa ndi madzi, bodi (motherboard, pamene zipangizo zonse za m'kati zimalumikizidwa) ikafa funso loyamba ndi lakuti madzi ali kuti, osati bodi ina tiipeza kuti. Ndakhala ndikunena zimenezi m'zipinda za maseva kuno ku Johannesburg mpaka kukhosi kuuma, ndiye lero ndati ndizilembe.

Ena amadabwabe kuti madzi akufunanji pafupi ndi magetsi. Purosesa (ubongo wa kompyuta) imodzi ya Intel Xeon ya masiku ano imatha kupitirira mawati 350, ya AMD EPYC kupitirira mawati 400, ndipo khadi limodzi la NVIDIA H100 limafika 700. Muike zingapo m'bokosi lopyapyala, mafani amangolira osathandiza. Madzi amanyamula kutentha kuwirikiza pafupifupi 3,500 poyerekeza ndi mpweya wodzaza malo ofanana. Ndipo safunika kukhala ozizira ngati a m'firiji: kompyuta yaikulu ya SuperMUC ku Garching, pafupi ndi Munich, inayamba ntchito mu 2012 ikuziziritsidwa ndi madzi ofunda. Choncho njirayi ndi yodalirika. Chimene sichidalirika ndi ife anthu.

Pali nkhani ina imene imandisowetsabe mtendere. Kampani ina yaing'ono ya mainjiniya, sinditchula dzina, inali ndi maseva ochepa m'chipinda chimene ndinkagwiramo ntchito ya kasitomala wina. Imodzi mwa maseva awo inayamba kuonetsa chenjezo la kudontha. M'kati mwa makinawa mumakhala kachingwe komva chinyezi, kakanyowa kamauza dongosolo loyang'anira seva. Chenjezolo linkabwera n'kusiya, kubwera n'kusiya. Iwo anaona ngati kachingweko kapenga, n'kuzimitsa alamu kuti isamawasokose ndi maimelo. Patapita masabata atatu, seva inazima.

Kudontha kotereku sikukhala kwa chigumula ayi. Ndi kadontho kamodzi pa maola angapo, pamfundo pamene paipi yakumana ndi mbale ya mkuwa imene imagona pamwamba pa purosesa. Kadonthoko kamagwera pa bodi yotentha, madzi n'kuuma, koma mankhwala ake amatsala. Madzi a m'makinawa nthawi zambiri amakhala osakaniza ndi propylene glycol, gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena ndi madzi oyeretsedwa othira mankhwala oletsa dzimbiri ndi ndere. Zotsalirazo zimamata, zimakoka fumbi, ndipo pang'onopang'ono zimadya timizere ta mkuwa ta pa bodi mpaka pamaoneka zobiriwira ngati ndalama yachitsulo yokhalitsa m'dothi. Bodi imafa mwa pang'onopang'ono, ife n'kumati yafa mwadzidzidzi.

Anaitana mnyamata wokonza malaputopu. Sindimunyoza, pa laputopu ali ndi dzanja labwino. Koma anagwira seva ija ngati kompyuta ya pa desiki. Anamasula mbale za mkuwa, n'kunyamula mapaipi onse ndi manja, kuwapindira pambali kuti bodi ituluke. Anaika bodi yatsopano, n'kubwezera timapadi takale totulutsa kutentha timene tinali titaphwanyika kale. Ataona kuti madzi achepa m'thanki ya makina opopa, anathiramo a pa mpopi. Mfundo yodontha ija sanaiyang'ane n'komwe, poti palibe anamuuza za alamu.

Seva inayaka, anthu n'kuwomba m'manja. Kenako pa sikirini panatuluka uthenga wofuna kiyi wa manambala 48 wa BitLocker, pulogalamu ya Windows yokiya madisiki. Madisiki awo anali okiyidwa, ndipo chinsinsi chotsekulira chinali mu TPM, kachipangizo kachitetezo ka pa bodi yakale ija. Kiyi wosungira tsoka ngati limeneli ankadziwa kumene ali ndi munthu amene anasiya ntchito kalekale. Sabata yonse anasiya seva ili chiyakire akusakasaka m'madirowa ndi m'maimelo akale, kadontho kaja kakugwabe, tsopano mofulumira chifukwa paipi inali itapindika. Bodi yachiwiri inafanso. Kiyi sanapezeke. Zojambula za miyezi ingapo zinapita, chifukwa bakapu yawo, kope lapadera la mafayilo, ankaisunga pa makina omwewo.

Chimene chimandiluma ndi chakuti nyali ya chenjezo ija ine ndinaiona. Ndinali pa raki (shelefu ya maseva) yoyandikana, ndinauza mmodzi wa iwo pakamwa tili pakhomo, iye n'kuti aona. Sindinalembe, sindinakakamize, ndinati si seva yanga. Masabata atatu onse aja makina ali moyo, kukopera kiyi ameneyu kukanatenga mphindi zisanu. Madzi akatayika sawoleka, ndipo apa anatayikadi enieni.

Ndiye mvetserani, ntchito yosintha bodi imayamba seva isanazime. Chenjezo la madzi likangobwera, tsiku lomwelo tengani makiyi a madisiki, tengani bakapu n'kuiika kwina, sungani masetingi a BIOS (pulogalamu ya pa bodi imene imayambitsa makina) ndi a kakompyuta koyang'anira seva, kamene Dell amakatcha iDRAC, HPE iLO, Lenovo XClarity Controller. Lembani ma MAC address, manambala odziwitsa makinawo pa netiweki, chifukwa bodi yatsopano imabwera ndi ake, ndipo malaisensi ena a mapulogalamu amamangiriridwa pa manambala amenewa. Musadzinamize kuti muzula TPM yakale n'kuisomeka pa bodi yatsopano. Pa maseva a Dell PowerEdge, mwachitsanzo, kachipangizoka kakangoikidwa kamakwatirana ndi bodi imeneyo basi, pa ina sikavomera.

Za kuzimitsa magetsi sinditaya nthawi, kupatula chinthu chimodzi: kudina batani si kuzimitsa. Bola chingwe chili cholumikiza, mbali ina ya bodi imakhala ili ndi magetsi, n'chifukwa chake iDRAC imayankhabe seva itazima. Zulani zingwe. Lamba woteteza ku static, magetsi amene amadziunjika m'thupi, muvale pamkono, makamaka mu June ndi July pamene mpweya wa kuno umauma gwa. Munthu amayamba kumva kulumidwa ndi static ikafika mavoti pafupifupi 3,000, pamene tizipangizo tina ta pa bodi timawonongeka ndi mavoti osafika 100. Simumva kanthu, simuona kanthu, mwapha kale katundu.

Tsopano mapaipi, pamene ambiri amagwera. Zolumikizira za kumbuyo kwa seva zinapangidwa kuti zizidzitseka zokha mukazula, koma dontho limodzi kapena awiri amatuluka, ndipo m'kati mwa mapaipi a sevayo madzi amakhala adakali odzaza. Itulutseni mu raki, muiike pa tebulo yathyathyathya, kutali ndi maseva ena. Pa makina ngati Lenovo ThinkSystem SD650, mapaipi a mkuwa ndi chinthu chimodzi cholumikizana chimene chimadutsa pa mapurosesa ndi pakati pa mamemore. Buku la kampaniyo limalamula kuti mumangirire mapaipiwo pa chonyamulira chake chapadera musanawakweze. Si mwambo chabe. Mkuwa ndi wofewa, ukapindika pang'ono mbale sigonanso bwino pa purosesa, ndipo mfundo zowotcherera zimachita ming'alu yosaoneka ndi maso. Mmisiri akabwera wopanda chonyamulira chimenechi n'kumati "tigwira ndi manja, tazolowera," mupatseni ya basi abwerere.

Mapaipi akachoka, musathamangire bodi yatsopano. Tengani tochi, yang'anani yakaleyo bwinobwino. Zoyera kapena zobiriwira zili pati? Pamwamba pake penipeni pamadutsa mfundo iti? Bodi yakufayo ndiye mboni yokhayo imene muli nayo, ndipo anthu amaiponya m'katoni osaifunsa. Ngati mapaipi ndiwo akudontha, amasinthidwa onse. Samatidwa ndi guluu, sakulungidwa ndi tepi, sawotcheredwa ndi amisiri a mafiriji.

Soketi ya purosesa ndi malo ena olirira. Ya Intel LGA 4677 ili ndi timapini 4,677, ya AMD SP5 ili ndi 6,096, tonse toonda ngati tsitsi. Nsonga ya malaya ikangokhudza, tapindika. Kachivundikiro kapulasitiki kamene kabwera pa bodi yatsopano kachotsedwe pa mphindi yomaliza, ndipo kavundikireni soketi ya bodi yakale musanaibweze, apo ayi za walanti muiwale. Phala lotuwa la pakati pa purosesa ndi mbale lipukutidwe lonse, muike latsopano. Timapadi tofewa tija timagwira ntchito kamodzi, ndipo tili ndi makulidwe osiyanasiyana, kalikonse ndi malo ake. Pomanga, tsatirani manambala olembedwa pa mbalepo, ndi sikuludiraiva yoyeza mphamvu. Ngakhale wa matayala pamsewu amadziwa kuti manati amamangidwa mopingasa, nanga bwanji pa purosesa yodula kuposa galimoto yakeyo? Mukamanga mbali imodzi kwambiri, seva imayaka ndithu, koma mudzapeza memore ina sikuoneka, n'kuyamba kunamizira makhadi a memore (ma DIMM) osalakwa.

Musanalowetse madzi, ndiponso musanayatse magetsi, mapaipi ayesedwe ndi mpweya wouma kapena nayitrojeni pa mlingo umene wopanga analemba, geji isatsike. Mukalumikiza, mpweya wotsalira m'mapaipi utulutsidwe, chifukwa thovu likakhala mu mbale purosesa imatentha ngakhale pampu ikuzungulira bwinobwino. Ndipo chonde, za madzi a pa mpopi ndi kulanti wa galimoto tisamvenso. A pa mpopi ali ndi mchere ndi klorini, amatseka timipata ta m'kati mwa mbale timene ndi tating'ono kuposa milimita, ndipo mukawathira mu thanki mwaipitsa madzi a maseva onse a pa mzerewo, osati imodzi yokha. N'chimodzimodzi kulowetsa cholumikizira cha aluminiyamu pa mapaipi a mkuwa: zitsulo ziwirizi zikakumana m'madzi amodzi, aluminiyamu imadyeka. Enanso amatsitsa kwambiri kutentha kwa madzi poganiza kuti akuthandiza makina. Mapaipi amayamba kuchita thukuta ngati botolo lochoka m'firiji, mame aja n'kumagwera pa bodi popanda chodontha chilichonse.

Pa zogula za kaunjika, safunsa anadya phula. Mapurosesa ena a AMD EPYC amene anagwirapo ntchito mu seva ya Dell kapena Lenovo amakhala atakiyidwa ku kampani imeneyo mpaka kalekale, kudzera mu chitetezo chotchedwa Platform Secure Boot. Mukagula bodi ya mtundu wina pa intaneti poti ndi yotchipa, n'kusamutsira purosesa yotereyi, siyaka. Wogulitsayo foni yake idzakhala itazima.

Seva ikayaka ntchito sinathe. Bodi yatsopano siidziwa dzina la makina amene yalowamo, ndiye serial number iyenera kulembedwamo, firmware (mapulogalamu a m'kati mwa bodi) ifanane ndi ya maseva anzake, masetingi aja abwezeredwe. Kenako ipatseni ntchito yolemera kwa maola angapo mukuyang'ana kutentha kwa purosesa iliyonse. Ziwiri za mu seva imodzi zikasiyana kwambiri, pali mbale imene sinagone bwino, tsegulaninso. Ine ndimasiya kapepala koyera kouma pansi pa zolumikizira za kumbuyo, m'mawa mwake n'kudzakaona ndisanasaine kuti ntchito yatha.

Woyimba foni wa sabata ino uja ndamuuza kuti ndibwera Lachinayi, koma anditumizire kaye chithunzi cha bodi yakaleyo ndi mndandanda wa machenjezo a mwezi wathawu. Chithunzi chafika. Pakona pafupi ndi purosesa yachiwiri pali kabanga kobiriwira.