Kusinkhasinkha pagulu: uthenga kwa amene maganizo akuwasowetsa tulo

Anzathu olankhula Chishona kuno ku Zimbabwe amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Vuto ndi lomwelo. Munthu wagona koma mutu ukuwerengerabe ndalama ya lendi, fizi ya ana, ndi maliro a ku Dedza amene analephera kupitako. Mtima ukugunda ngati wathamangira kombi, kukacha akudzuka thupi lili lefu. Uthengawu ukufotokoza njira imodzi yothandiza, yomwe ndi kusinkhasinkha mwakachetechete pamodzi ndi anthu ena, monga amachitira Abuda.

Kusinkhasinkha kwake n'kotani?

Mawuwa asakusokonezeni, chifukwa pano sitikunena zolingalira mozama za mavuto anu. Munthu amakhala pansi, msana atawongola, n'kumangomvetsera mpweya wake ukulowa ndi kutuluka. Isanathe n'komwe mphindi imodzi, maganizo athawa, ali ku msika wa Mbare Musika ku Harare kufunsa mtengo wa matimati. Mukazindikira, mumawabweza ku mpweya popanda kudzikalipira. Akathawanso, muwabwezenso, ngati mmene m'busa amachitira ndi mbuzi yokonda munda wa eni. Ambiri amasiya pa tsiku loyamba n'kumati zawakanika chifukwa mutu sunakhale zii. Sikuti zawakanika ayi: kubwezako ndiye ntchito yake.

Njirayi anaiphunzitsa Siddhartha Gautama, amene amatchedwa Buddha, kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Mu 1979, wasayansi wina dzina lake Jon Kabat-Zinn anaibweretsa m'chipatala cha University of Massachusetts ku America, atachotsamo zachipembedzo, kuti ithandize anthu a ululu wosatha ndi nkhawa. Maphunziro ake ndi a milungu 8, ndipo amachitika pagulu. Ku Britain, kuyambira mu 2004, malangizo a zaumoyo amavomereza njira yochokera pamenepa kwa anthu amene matenda a kukhumudwa amawabwerera kawirikawiri.

Zimene zimachitika m'thupi n'zosavuta kumva. Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, tolikonzekeretsa kuthawa ngozi. Mtima umathamanga, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakungika, tulo timabalalika. Zimenezi n'zothandiza mukakumana ndi galu wolusa, koma lendi si galu woti mungamuthawe, ndiye thupi limangokhala chokonzekera usana ndi usiku. Kupuma modekha, makamaka kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, kumachepetsa kugunda kwa mtima ndipo thupi limamasuka.

N'chifukwa chiyani pagulu?

Abuda gulu lotere amalitcha sangha, ndipo amaliwerengera pa zinthu zitatu zofunika kwambiri pa chiphunzitso chawo. M'malemba awo muli nkhani yakuti Ananda, amene ankatumikira Buddha, ananena kuti kukhala ndi abwenzi abwino ndi theka la moyo woyera. Buddha anamukonza, nati si theka ayi, ndi moyo wonsewo.

Ife izi si zachilendo. Makolo athu amene anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu anapulumukira m'magulu: mabungwe a maliro, mipingo, mizikiti, madambwe a gule. Mpaka lero amayi amasunga ndalama pa chiperegani chifukwa amadziwa kuti ndalama yosunga wekha pansi pa pilo sichedwa kugula ndiwo. Kusinkhasinkha n'chimodzimodzi. Panokha mumayamba Lolemba, Lachinayi mwaiwala. Koma mukadziwa kuti anthu asanu ndi mmodzi akudikirani Loweruka masana, mumavala nsapato ngakhale mutatopa.

Tayerekezani gulu litakumana m'galaja ku Mufakose. Ena ali pamphasa, agogo a mawondo opweteka ali pampando, mafoni azimitsa. Mtsogoleri wagogoda kapu ndi supuni, onse zii. Panja wogulitsa masamba akuitana malonda, kwa aneba wailesi ikulira. Bambo wina mwendo wachita dzanzi, akufuna adzuke azipita, koma atasuzumira akuona mayi wa pambali pake ali phee, ndiye nayenso akhazikika. Pomaliza mnyamata wina akuti, "Ine mutu wanga unali ku ngongole nthawi yonseyi." Onse kuseka, chifukwa aliyense anali ndi kwake kumene anapita. Kuseka kumeneko n'kofunika kuposa mmene kumaonekera. Munthu woganiza kwambiri amayesa kuti ndi iye yekha wosokonekera mutu, ndipo manyazi amenewo ndi amene amamutsekera m'nyumba.

Harare anaonetsa kale dziko kuti anthu wamba angathandizane pa matenda a maganizo. Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare mu 2006, imaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi pakiliniki n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo amene amaliza amalowa m'magulu othandizana otchedwa Circle Kubatana Tose. Iyi si njira ya Abuda, koma ikusonyeza kuti kukhala ndi anzako kumathandiza munthu wovutika maganizo.

Nanga chipembedzo changa?

Funsoli limabwera msanga, ndipo n'loyenera. Kumvetsera mpweya wanu si kupembedza munthu kapena fano. Wa CCAP, Mkatolika ndi Msilamu angakhale pamphasa imodzi aliyense n'kubwerera kwawo ndi chikhulupiriro chake. Magulu ena, monga a ku Kagyu Samye Dzong kuno ku Harare, ndi a Chibuda chenicheni ndipo amakhala ndi mapemphero awo. Funsani musanalowe kuti mudziwe zimene zimachitika, ndipo zimene mtima wanu sukuzilola musachite.

Mukafuna kuyambitsa gulu

Anthu anayi mpaka khumi akwana. Sankhani tsiku limodzi pa mlungu ndipo musamalisinthesinthe. Yambani ndi mphindi 10 zokha, mudzawonjezera mukazolowera. Mukatha, aliyense anene mwachidule mmene zamuyendera, ena akumvetsera osamudula mawu kapena kumupatsa malangizo amene sanapemphe. Wosafuna kulankhula asakakamizidwe. Zonenedwa pagulu zithere pomwepo, chifukwa miseche ikangolowa, gulu latha. Ndi bwino kuti mtsogoleri akhale woti anaphunzirako kwa mphunzitsi wodziwa.

Chenjerani ndi izi

Kusinkhasinkha si mankhwala olowa m'malo mwa a kuchipatala. Musasiye ma ARV, mapiritsi a BP, a shuga, a khunyu kapena a matenda a maganizo. Mtsogoleri wokuuzani kuti muwasiye, wolonjeza machiritso, wofuna ndalama zambiri, kapena woumirira kukumana nanu panokha kuseri, muthaweni.

Kwa anthu ena kukhala chete kumadzutsa zowawa zakale, monga za nkhanza, kugwiriridwa kapena ngozi. Zikatero tsegulani maso, pondani pansi mwamphamvu, yang'anani zinthu zimene zili m'chipindamo, kapena tulukani mukapitidwe mphepo. Amene anadwalapo matenda omva mawu kapena kuona zinthu zimene ena sakuziona ayambe wafunsa adokotala.

Pitani kukiliniki ya m'dera lanu ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mwakhala osasangalala ndi chilichonse, osagona, osafuna kudya, kapena ntchito ikukukanikani. Ngati mukuganiza zodzipha, musadikire tsiku la gulu: uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala. Ku chipatala cha Parirenyatwa ndi ku chipatala cha Sally Mugabe, chimene ambiri timangoti ku Gomo, kuli madokotala a matenda a maganizo.