Setup yogula siidziwa nyengo ya mpikisano wanu

Pali pempho limodzi lomwe landikwana: "A mesitiri, tandiponyereni setup yothamanga ya ku Kyalami." Setup ndi manambala okonzera galimoto ya mpikisano wa pa kompyuta, monga a mpweya wa matayala, ndipo Kyalami ndi bwalo la mipikisano ya magalimoto ku South Africa. Pempholi limafika pa WhatsApp mpikisano utatsala pang'ono kuyamba, mwini wake atakhala kale pampando, chiwongolero chili m'manja. Ndikafunsa kuti pa seva (kompyuta ya pa intaneti yoyendetsa mpikisano) yomwe akukathamangayo kukhala kotentha madigiri angati, ambiri amangoti zii. Wina anandiyankha mosangalala kuti, "Kuno ku Matundo lero dzuwa likuswa mtengo." Inde mphwanga, mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40 n'kupyola, koma galimoto yako sili ku Matundo. Ili m'kompyuta, ndipo nyengo yake anaikonza ndi mwini seva, yemwe mwina ali ku Lisboa atavala juzi. Dzuwa la ku Tete lingotenthetsa mota ya chiwongolero chako ndi msana wako basi.

Ine ntchito yanga ndi matayala enieni. Galaja yanga ili ku Moatize, m'mbali mwa msewu wa N7 momwe mumadutsa malole opita ku Zóbuè, ndipo madzulo ndimakonzera magalimoto anyamata angapo omwe amapikisana pa intaneti m'masewera a Assetto Corsa Competizione, omwe tonse timangoti ACC. Cholakwa chomwe ndimaona masana ndi chomwecho ndimachionanso usiku. Dalaivala wa lole amaima dzuwa lili paliwombo, n'kuika geji pa tayala lomwe layenda mtunda wautali, n'kuona singano yakwera, n'kuyamba kuphwetsa. Kukacha tayala lija lilibe mpweya wokwanira, m'mbali mwake mumapindikapindika likamayenda, limatentha kuposa dzulo, mapeto ake phuu! Mpweya ukatentha umakankha kwambiri, ukazizira umabwerera. Palibe amene wauonjezera, palibe amene wauchotsa.

Pa lole ndi pa galimoto ya kunyumba timayeza tayala lisanayende. Pa mpikisano nambala yomwe timasaka ndi ya tayala lotentha, ndipo yomwe mumalemba mu setup ndi poyambira chabe. Kuyambira pomwe a Kunos, omwe anapanga ACC, anatulutsa kusintha kwa 1.9 mu 2023, matayala a Pirelli a magalimoto a GT3 mu ACC amagwira bwino akakhala pakati pa 26 ndi 27 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) atatentha. Kale tinkasaka pafupifupi 27.5, ndipo makanema akale a pa YouTube akunenabe zomwezo, choncho onani chaka chomwe kanemayo anaikidwa musanakopere. Mpweya ukachepa galimoto imachedwa kumva chiwongolero, imagwedera pakona, mphira n'kumadyeka m'mbali. Ukachuluka tayala limatukuka pakati, malo ogunda pansi amachepa, limayamba kuterereka, kutererekako kumalitenthetsa, kutenthako n'kukwezanso mpweya womwe unali wokwera kale.

Njira yopezera nambala zanu ndi yotopetsa, n'chifukwa chake anthu amaithawa. Ikani nyengo ndi ola la mpikisano mu practice. Thirani mafuta omwe mudzayambe nawo, osati timalita ta qualifying, yolimbirana malo oyambira. Thamangani malapu asanu, kuzungulira bwalo kasanu, pa liwiro lomwe mungathe kusunga mpaka kumapeto, kenako werengani tayala lililonse palokha. Ngati mukufuna 26.6 ndipo lakutsogolo kumanja likuonetsa 27.2, chotsani 0.6 pa tayala lomwelo, ena aja muwasiye ndi nkhani zawo. Ku Kyalami amazungulira mosemphana ndi wotchi, choncho kulemera kumagwera kwambiri matayala akumanja ndipo ndiwo amatentha. Ku Monza ndi akumanzere omwe amavutika. Ndikaona setup yomwe matayala onse anayi ali ndi nambala imodzi ndimadziwiratu kuti mwini wake sanaiyendetsepo. Kutentha kwa kunja kukasintha ndi digiri imodzi, sinthani pafupifupi 0.1 psi: kukazizira onjezerani, kukatentha chotsani. Madigiri 8 pakati pa masana ndi usiku ndi 0.8, yokwanira kukutulutsani m'malire aja. Ndipo lekani kumenya makebu a m'mphepete mwa makona ngati muli nawo mangawa, poti mu ACC tayala logunda kebu mwamphamvu limataya mpweya, ndipo subwerera mpaka mutasintha.

Za mafuta sindikhalitsapo. Mphindi za mpikisano kugawa ndi nthawi ya lapu imodzi, kuonjezera lapu yoyambira ndi ina yapadera, kuchulukitsa ndi malita a pa lapu. Ndi masamu a ku pulayimale.

Inu a Gran Turismo 7 ndi a masewera a F1 muli ndi matenda anuanu, chikondi cha tayala lofewa. Limakoma pa malapu oyamba, sindikukana. Koma tawerengani. Tiyerekeze likukupatsani sekondi imodzi pa lapu kwa malapu 8, ndiwo masekondi 8. Ngati likukukakamizani kulowa ku pit, kosinthira matayala, kachiwiri n'kutayako masekondi 20 kapena kuposa, mwagula chiyani? Mu Gran Turismo 7 onani kaye kuti kudyeka kwa matayala akuchulukitsa kangati pa mpikisanowo, komanso ngati pali mtundu wa tayala wokakamiza, chifukwa osauvala chilango chake ndi mphindi yathunthu. Mu F1 kukakhala kouma muyenera kugwiritsa ntchito mitundu iwiri, ndipo funso lenileni ndi loti lolimba mulivale liti.

Mvula ndiye imapha mipikisano yambiri, koma osati chifukwa yabwera mwadzidzidzi. ACC imakuonetsani nyengo ya mphindi 10 ndi ya mphindi 30 zikubwerazo, ndipo iRacing nayo inaika mvula mu 2024. Munthu amaona madontho akuchuluka pagalasi, amaona anzake akulowa, iye n'kumati "lapu imodzi yokha". Tayala la slick lilibe mizere yotulutsira madzi. Likanyowa limazizira, mpweya umatsika, kugwira kumatha mofulumira kuposa momwe maso anu akuonera. Ku Spa, komwe lapu ndi makilomita 7, "imodzi yokha" ndi mphindi ziwiri n'kupyola mukuyandama. Matayala a mvula amafuna mpweya wokwererapo, pafupifupi 30 psi, ndipo nambalazo zizikhala zokonzeka mpikisano usanayambe, musamazisake ndi chala chimodzi galimoto ikuterereka. Kukayamba kuuma vuto limatembenuka, tayala la mvula limapsa pa phula louma, ndiye pa msewu wowongoka muzilipititsa dala pomwe patsala madzi kufikira mutalowa.

Nkhani yomwe imandisowetsabe mtendere ndi ya mnyamata wina wa ku Ulónguè. Mwana wa manja abwino zedi, wodekha pa buleki, woti sanaphunzitsidwe ndi munthu. Chiwongolero chake anagula chakale, ndi ndalama za mbatatesi zomwe analima ndi bambo ake. Analowa mpikisano wa ola limodzi ku Kyalami, woyamba chakumadzulo n'kutha kutada, wokhala ndi pit stop yokakamiza yosintha matayala. Setup anagula kwa munthu wina yemwe anamupeza pa Facebook, ndipo kunena chilungamo theka loyamba zinkayenda: anali pa nambala 3, akusunga mpata wake bwinobwino.

Koma mu ACC mpweya wa matayala omwe adzakuikireni ku pit uli ndi tsamba lakelake, la strategy, ndipo muyenera kuliona palokha. Wogulitsa uja anausiya momwe anauikira pa tsiku lotentha masana. Mnyamatayo tsambalo sanalitsegule n'komwe. Atatuluka ku pit, dzuwa litalowa, phula litazizira, matayala ake sanakwere kupyola 25. Ndinaonera replay yake pafoni ndili pagalaja: zizindikiro za matayala pa sikirini zili buluu, manja ake akukonzakonza chiwongolero pakona iliyonse, lapu iliyonse akutaya sekondi n'kanthu. M'malo mochepetsa n'kupirira, anayamba kukakamiza kuti abweze nthawi. Potsika ku Mineshaft kumbuyo kunachoka, anazungulira, n'kutenga mnzake yemwe analibe mlandu uliwonse. Safety rating yake, yomwe imaonetsa kuti amayendetsa mosamala bwanji, inagwa, ndipo okonza mpikisano anamupatsa chilango.

Ngoziyo payokha siindipweteka, aliyense anazungulirapo. Chomwe chimandiwawa n'chakuti nditamuonetsa nambala zija anavomera mwaulemu kuti, "Ndamva madala," sabata yotsatira n'kukagula setup ina kwa munthu yemwe uja, yomwe ankaitcha kuti ndi ya akatswiri okhaokha. Mpaka lero amakhulupirira kuti chinamugwetsa ndi chiwongolero chotsika mtengo, moti akusunga ndalama zogulira cha direct drive. Chonsecho nambala zinayi zija akanatha kuzisintha pa MFD, kabokosi ka pa sikirini, akuyendetsa, pa msewu wowongoka asanalowe ku pit, osalipira ngakhale metikali imodzi. Mwana wotere akadzagula chiwongolero chodulacho n'kuzunguliranso, adzati iyeyo ndiye alibe luso, n'kusiya. Ndi zomwe ndimaopa.

Sindikunena kuti setup iliyonse yogula ndi bodza. Alipo magulu omwe amagulitsa ntchito yoyesedwa, yobwera ndi telemetry ya MoTeC (manambala a momwe galimoto inayendera), yolembedwa kuti anaiyesa pa madigiri angati, ndi mafuta ochuluka bwanji, pa version iti. Ngakhale zimenezo mpweya muyenera kuukonzabe nokha. Omwe ndikunena ine ndi aja ali ngati ogulitsa mankhwala a m'botolo pamsika, botolo limodzi lochiza mutu, msana ndi banja lomwe. Amatenga mafayilo aulere pa intaneti, kusintha dzina, n'kukuuzani kuti mutumize ndalama pafoni. Zambiri mwa izo ndi za hotlap, zothamangira lapu imodzi yokha: mabowo oziziritsira mabuleki atsekedwa, camber (kupendekeka kwa matayala) yafika kumapeto, chipiko chakumbuyo chatsitsidwa. Lapu imodzi imathamangadi, ndipo ndi lapu yomweyo yomwe wogulitsayo amajambula n'kukutumizirani. Pofika lapu ya 12 mabuleki atenthetsa marimu, marimu atenthetsa mpweya, matayala akumbuyo apsa, ndiye mumabwera kwa ine kuti masewerawa asokonekera.

Anzawo ndi aja ogulitsa timapulogalamu toti tikupatsani ping (nthawi yomwe seva imatenga kuyankha) ya munthu wa ku Germany. Seva ikakhala ku Ulaya, mtunda wochokera ku Angónia sungafupike ndi pulogalamu. Lumikizani ndi waya m'malo mwa Wi-Fi, letsani am'nyumba kuonera makanema pa ola limenelo, ndipo sakani mipikisano ya pa maseva a ku South Africa. Oopsa kwambiri ndi omwe amakupatsani fayilo yoti imaonjezera kugwira kwa matayala. Kumeneko ndi kubera, akakugwirani akaunti yomwe munailipira imatsekedwa, ndipo fayilo yosadziwika mukaitsegula pa kompyuta yomwe mumalowerapo kubanki musadzadabwe.

Wina akakutsatsani setup, mufunseni kuti anaiyesa pa madigiri angati, ndi malita angati, komanso kuti matayala anayi aja ankaonetsa chiyani pa lapu ya 15. Mufunsenso zomwe waika pa tsamba la strategy. Woidziwa ntchito amayankha ndi manambala nthawi yomweyo. Akayamba kukuuzani za makasitomala ake omwe anapambana, musatumize ndalamayo, gulirani data muthamange malapu asanu aja.