Magazi a Ahavasupai ndi funso lomwe linaimitsa msonkhano ku yunivesite

Kampani ya 23andMe italengeza mu Malichi 2025 kuti yagwa, ija anthu ankalavulira malovu m'kabotolo nkutumiza kuti awauze komwe makolo awo anachokera, funso linali loti DNA (uthenga wa m'thupi womwe timatengera kwa makolo) ya anthu pafupifupi 15 miliyoni igulitsidwa kwa ndani. Zinakumbutsa nthawi ya Covid pomwe ena ankakana kathonje ka m'mphuno kaja ati akufuna kutibera DNA. Zambiri zoyenda pa WhatsApp zinali zabodza, makina a PCR amasaka kachilombo osati mbiri ya banja lako. Koma mantha oti magazi ukapereka sudziwa komwe akathere ali ndi pochokera, ndipo nkhani ya Ahavasupai ndi umboni wake.

Awa ndi amwenye a ku America, kutanthauza eni nthaka oyambirira a dzikolo, mtundu wa anthu pafupifupi 650 okha, mudzi wawo wa Supai uli pansi penipeni pa chigwa cha Grand Canyon ku Arizona, kulibe msewu wa galimoto, umatsika makilomita 13 wapansi kapena pa hatchi, apo ayi pa helikopita. Matenda a shuga anawavuta kwambiri mpaka ena kudulidwa miyendo. Mu 1989 anapempha John Martin, mphunzitsi wa ku Arizona State University yemwe anali atazolowerana nawo kwa zaka zambiri, kuti awathandize kudziwa chifukwa chake. Iye anabweretsa katswiri wa za majini (ma gene, tizigawo ta DNA), Therese Markow, ndipo kuyambira 1990 mpaka 1994 anthu anapereka magazi. Chiwerengero chake chimasiyana, nyuzi ya New York Times inanena za anthu pafupifupi 100 amene anasaina fomu, zolemba zina zimati opereka magazi anaposa 200. Jini ya shuga yomwe ankaisakayo sinapezeke. Magazi aja anatsala m'mafiriji.

Zinaululika mu Malichi 2003. Martin anauza Carletta Tilousi, mmodzi mwa omwe anapereka magazi, kuti pa yunivesitepo pali wophunzira wa PhD yemwe akufotokoza kafukufuku wake. Mayiyu anapita, nkukhala pansi kumamvetsera, mwadzidzidzi nkuzindikira kuti magazi omwe akukambidwa kutsogoloko ndi a kwawo, ake omwe, koma nkhani yake si ya shuga ayi. Itafika nthawi ya mafunso anangofunsa ngati munthuyo anali ndi chilolezo chogwiritsa ntchito magazi a Ahavasupai pa zimenezi. Msonkhano unaimira pomwepo.

Atafufuza zinapezeka kuti magaziwo anagawidwanso kwa akatswiri a m'mayunivesite ena, ndipo anagwiritsidwa ntchito pofufuza matenda a m'maganizo a schizophrenia, kukwatirana pachibale, komanso komwe mtunduwo unachokera. Chomalizachi ndiye chinawabaya kwambiri chifukwa mbiri ya makolo awo imati anachokera m'chigwa momwemo ndipo ndiwo alonda ake, pomwe pepala lina lolembedwa ndi magazi awo omwe linkati makolo awo anawoloka kuchokera ku Asia. Taganizirani agogo amene anatambasula mkono poganiza kuti akupulumutsa zidzukulu ku shuga. Mu Meyi chaka chomwecho akuluakulu a mtunduwo analamula kuti wa ku yunivesiteyo asapondenso pa malo awo.

Markow nayenso ali ndi mbali yake ndipo tiyimve. Iye wakhala akunena kuti sanalakwe, fomu yomwe anthu anasaina inkati kafukufukuyo ndi wofufuza zoyambitsa matenda a m'thupi ndi a kakhalidwe, choncho zonsezo zinali mkati. Papepala zikumveka. Koma opereka magaziwo amati pakamwa anauzidwa za shuga basi, ndipo ambiri Chingerezi sichinali chilankhulo chawo choyamba, sukulu sanapite nayo patali. Kwa ine munthu amavomera zomwe wamva ndi makutu ake kuchokera kwa yemwe akumukhulupirira, mzere umodzi wa pa fomu sungafafanize zimenezo.

Mlandu unalowa m'khoti mu 2004, unakokana zaka, yunivesite inawononga madola pafupifupi 1.7 miliyoni podziteteza. Mu Epulo 2010 anagwirizana kunja kwa khoti: madola 700,000 oti agawane anthu 41, thandizo la maphunziro ndi chipatala, komanso kubweza magazi otsalawo. Kwa iwo chachikulu chinali magaziwo, poti ena mwa eni ake anali atamwalira kale ndipo amakhulupirira kuti mzimu sungapume bwino gawo la thupi lili m'firiji ya alendo.

Chomwe chimandidandaulitsa nchoti poti anagwirizana okha, palibe woweruza yemwe anagamula ngati fomu yotakata ngati ija ndi chilolezo chenicheni kapena ayi. Anzawo a mtundu wa Navajo anali ataletsa kale kafukufuku wa majini pa malo awo mu 2002, ndipo nkhaniyi itamveka mitundu ina yambiri ya amwenye inayamba kuwakayikira akatswiri obwera ndi majakisoni otengera magazi, ngakhale omwe ankabweradi ndi zolinga zabwino pa matenda omwe akuwapha.